Mmene Mungatumizire Foda Yathunthu ku Seva ya Webusayiti Kudzera pa Teminolo

Webusayiti ngakhale yaing'ono kwambiri imakhala ndi mafayilo ambiri ogawidwa m'mafoda osiyanasiyana: masamba a HTML pamwamba, zithunzi m'foda yake, mafayilo a CSS ndi a JavaScript m'mafoda ena, ndipo mafoda ena amakhala mkati mwa anzake. Munthu wotumiza zonsezi fayilo imodziimodzi amataya nthawi, ndipo akaiwala imodzi yokha tsamba limatuluka lopanda chithunzi kapena losokonekera maonekedwe. Pa teminolo, pulogalamu imene mumalembamo malamulo opita kwa kompyuta, lamulo la mzere umodzi limanyamula foda yonse ndi zonse zamkati mwake. Kulemba lamulolo n'kosavuta, koma chofunika kusamala nacho ndi malo enieni amene mafayilo akafikire ndiponso zimene akapeze kumeneko, chifukwa mapulogalamu amene tifotokoze pano safunsa kawiri asanalembe fayilo pamwamba pa inzake.

M'zitsanzo zonse, foda ya pa kompyuta yanu tiitchula `tsamba`, dzina lanu lolowera pa seva ndi `mwini`, seva ndi `example.com`, ndipo malo amene seva imatengako masamba ndi `/var/www/html`. Amenewa ndi malo amene Apache, pulogalamu ya pa seva yopereka masamba kwa alendo, imagwiritsa ntchito pa Debian ndi Ubuntu ngati palibe amene anasintha. Makampani ambiri osungira anthu mawebusayiti amapereka foda yotchedwa `public_html` m'malo mwake. Fufuzani kaye malo enieni a pa seva yanu, kenako muwaike m'malo mwa a m'zitsanzomu.

Yambani ndi kulowa pa seva

Musanatumize chilichonse, tsimikizani kuti mungathe kulowa pa seva kudzera pa SSH, chifukwa njira zambiri mwa zimene zili m'munsimu zimadalira pa iyo. SSH inapangidwa ndi Tatu Ylönen ku Finland mu 1995, ndipo ntchito yake ndi kubisa zonse zodutsa pakati pa kompyuta yanu ndi seva, kuphatikizapo pasiwedi. Linux ndi macOS zimabwera nayo kale, ndipo Windows 10 inayamba kubwera ndi `ssh`, `scp` ndi `sftp` mu 2018. Lembani kuti:

`ssh mwini@example.com`

Mukamalowa koyamba, SSH imakuonetsani chizindikiro cha kiyi ya seva n'kufunsa ngati mukuvomereza. Mukayankha kuti `yes`, imachisunga m'fayilo ya `~/.ssh/known_hosts`, ndipo tsiku lina chizindikirocho chikadzasintha idzakuchenjezani mwamphamvu. Mukalowa, lembani `ls -la /var/www/html` kuti muone zimene zilimo kale, kenako `rsync --version` kuti mudziwe ngati seva ili ndi rsync. Tulukani polemba `exit`.

SSH imagwiritsa ntchito port 22 (port ndi nambala ya khomo limene pulogalamu imalowera pa seva), koma oyang'anira maseva ena amaisamutsira ku nambala ina, mwachitsanzo 2222. Apa pali kamsampha kamene kamakola ngakhale anthu ozolowera: `ssh` imafuna `-p 2222` ya chilembo chaching'ono, pamene `scp` ndi `sftp` zimafuna `-P 2222` ya chilembo chachikulu. Njira yabwino yothawira chisokonezochi ndi kulemba zonse kamodzi m'fayilo ya `~/.ssh/config`, mizere inayi iyi:

`Host seva`
`HostName example.com`
`User mwini`
`Port 2222`

Mukatero, paliponse pamene mukanalemba `mwini@example.com` mudzingolemba `seva`, ndipo mapulogalamu onse odutsa pa SSH adzaipeza okha port yoyenera.

Ngati mudzatumiza mafayilo kawirikawiri, pangani makiyi kuti musamalembe pasiwedi nthawi zonse. Lamulo la `ssh-keygen -t ed25519` limapanga mafayilo awiri: kiyi yachinsinsi imene siyenera kuchoka pa kompyuta yanu, ndi ina yothera ndi `.pub` imene imapita ku seva. Pa Linux ndi macOS, `ssh-copy-id mwini@example.com` imaiika yachiwiriyo pamalo pake.

Konzani foda ndipo sungani zakale

Lowani m'foda yanu n'kulemba `ls -la`. Chilembo cha `a` n'chofunika chifukwa chimaonetsa mafayilo amene mayina awo amayamba ndi kadontho, omwe nthawi zambiri amabisika. Ena mwa amenewa ayenera kupita ku seva, monga `.htaccess` imene Apache imawerenga. Ena sayenera kupita n'komwe: foda ya `.git` imasunga mbiri yonse ya ntchito yanu, ndipo fayilo ya `.env` kawirikawiri imakhala ndi mapasiwedi a database. Zikafika m'foda ya masamba, munthu aliyense wodziwa adiresi yake angathe kuzitsitsa, ndipo pa intaneti pali mapulogalamu ongoyendayenda usana ndi usiku kufufuza mafayilo a mtundu umenewu.

Onaninso kalembedwe ka mayina. Seva ya Linux imaona `Logo.png` ndi `logo.png` ngati mafayilo awiri osiyana, pamene Windows imawaona ngati amodzi, choncho chithunzi chimene chimaoneka bwinobwino pa kompyuta yanu chingasowe chikafika ku seva ngati dzina la m'tsamba silikufanana ndi la fayilo chilembo ndi chilembo.

Ngati pa seva pali kale webusayiti, isungeni musanaikhudze:

`ssh mwini@example.com 'tar czf ~/zakale.tar.gz -C /var/www html'`

Lamuloli limamanga foda yonse ya `html` kukhala fayilo imodzi m'foda yanu yapanyumba pa seva pomwepo, kunja kwa malo amene alendo angafike. Limatenga kanthawi kochepa, ndipo pa teminolo palibe bini imene mungakatolemo zimene zafufutidwa.

Njira yachidule ya scp

Ngati mukutumiza kamodzi kokha ku seva yopanda kanthu, `scp` ndi yokwanira:

`scp -r tsamba mwini@example.com:/var/www/html`

Chilembo cha `-r` chimauza pulogalamu kuti ilowe m'mafoda onse a mkati. Madontho awiri amene ali pakati pa dzina la seva ndi malo a foda musawaiwale, chifukwa popanda iwo `scp` imangokopera foda pa kompyuta yanu yomweyo n'kuipatsa dzina lachilendo, osanena kanthu. Zindikiraninso kuti ngati `html` ilipo kale, lamuloli liika mafayilo mu `/var/www/html/tsamba`, ndipo tsamba lanu loyamba lidzapezeka pa `example.com/tsamba/`. Ambiri amakonza zimenezi polemba `tsamba/*`, koma kanyenyeziko kamadumpha mafayilo oyamba ndi kadontho, motero `.htaccess` imatsala.

Zofooka za `scp` zimaonekera mukamatumiza kachiwiri. Imatumizanso fayilo iliyonse ngakhale imene sinasinthe, ilibe njira yosankhira zosiya, ndipo intaneti ikaduka pakati mumayambiranso pachiyambi. Pachifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti webusayiti iliyonse imene idzasinthidwe ngakhale kamodzi pamwezi iyenera kutumizidwa ndi rsync.

Njira ya rsync

Pulogalamu ya rsync inalembedwa ndi Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras ndipo inatuluka mu 1996. Isanatumize fayilo, imayerekeza kukula kwake ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza ku mbali zonse ziwiri, ndipo zikafanana imaidumpha. Zikasiyana, imagawa fayilo ya ku seva m'tizigawo, n'kuyerekeza tizigawoto ndi fayilo yatsopano, kenako n'kutumiza zokhazo zimene zasintha. N'chifukwa chake iyenera kupezeka pa kompyuta yanu komanso pa seva: mbali ziwirizo zimakambirana. Pa Debian ndi Ubuntu imaikidwa ndi `sudo apt install rsync`. Pa Windows njira yosavuta ndi kuigwiritsa ntchito mkati mwa WSL, njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows.

Yambani ndi kuyeserera, osatumiza kanthu:

`rsync -avzn --exclude '.git' --exclude '.env' tsamba/ mwini@example.com:/var/www/html/`

Chilembo chilichonse chili ndi ntchito yake. `a` imalowa m'mafoda onse n'kusunga nthawi za mafayilo, zilolezo zake ndi ma symlink (mafayilo ongolozera ku mafayilo ena) monga mmene zilili. `v` imalemba dzina la fayilo iliyonse pa sikirini. `z` imapanikiza zotumizidwa kuti zichepe pa ulendo, zimene zimathandiza kwambiri pa HTML, CSS ndi JavaScript koma sizipindula kanthu pa zithunzi za JPEG ndi mavidiyo, poti n'zopanikizidwa kale. `n` ndiyo yofunika kuposa zonse, chifukwa imauza rsync kuti ingoonetsa zimene ikanachita popanda kukhudza chilichonse, ndipo kumapeto imalemba mawu akuti `DRY RUN`. Werengani mndandanda umene watuluka mofatsa. Mukakhutira nawo, bwerezani lamulo lomwelo mutachotsa `n` yekhayo.

Tsopano yang'anitsitsani kamzere kopendekeka kamene kali kumapeto kwa `tsamba/`, chifukwa kamasintha tanthauzo la lamulo lonse. Kakakhalapo, rsync imamva kuti itumize zamkati mwa foda, ndipo `index.html` imafikira mu `/var/www/html/index.html`, mafayilo oyamba ndi kadontho nawonso amapita. Kakasowa, rsync imamva kuti itumize foda yeniyeniyo, ndipo zonse zimafikira mu `/var/www/html/tsamba/`. Kamzere ka kumapeto kwa malo a ku seva sikasintha zimenezi. Kotsogolera zonse ndi ka foda yochokera. Mungazindikire cholakwachi pa mndandanda woyeserera uja: ngati mzere uliwonse ukuyamba ndi `tsamba/`, ndiye kuti mwakaiwala. Samalani makamaka pamene mwagwiritsa ntchito batani la Tab kumalizitsa dzina, popeza limawonjezera kamzereko lokha ngakhale pamene simunakafune.

Zosiya zikachuluka, zilembeni m'fayilo, dzina limodzi pa mzere uliwonse, n'kuitchula ndi `--exclude-from=zosiya.txt`. Foda ngati `node_modules`, imene imakhala ndi mafayilo masauzande, kawirikawiri imayenera kulowa pamndandanda umenewu. Ngati simunalembe port m'fayilo ya config ija, onjezani `-e 'ssh -p 2222'`. Ngati mafayilo ndi aakulu kapena intaneti imadukaduka, onjezani `-P`, imene imaonetsa pamene ntchito yafika ndiponso imasunga fayilo yotumizidwa theka kuti ulendo wotsatira isayambirenso. Kukaduka, bwerezani lamulo lomwelo basi, ndipo zimene zinafika kale zidzadumphidwa.

Ubwino wina umene anthu sautchula kawirikawiri ndi wakuti rsync imalemba fayilo yatsopano ndi dzina lakanthawi, ndipo imaipatsa dzina lenileni ikafika yonse. Mlendo amene watsegula tsamba pa nthawi yomweyo salandira fayilo yodukiza. Angalandirebe tsamba latsopano lili ndi CSS yakale ngati CSS yatsopanoyo isanafike, ndipo `--delay-updates` imachepetsa vutoli posunga mafayilo onse atsopano pambali n'kuwaika m'malo mwake pamodzi kumapeto.

Nkhani ya kufufuta

Mwa iyo yokha rsync sifufuta kanthu pa seva. Mukachotsa tsamba lakale pa kompyuta yanu, ku seva limatsala ndipo anthu amapitiriza kulipeza. Kuti mbali ziwiri zifanane ndendende, mumawonjezera `--delete`, imene imachotsa ku seva chilichonse chimene sichikupezeka m'foda yanu. Mawu akuti chilichonse akutanthauza chilichonse ndithu. Ngati webusayiti imalandira zithunzi kuchokera kwa anthu n'kuzisunga pa seva, monga mmene WordPress imachitira mu `wp-content/uploads`, zithunzizo kulibe pa kompyuta yanu, ndipo `--delete` idzazichotsa zonse. Mukalozera molakwika foda yopanda kanthu, idzakolopa webusayiti yonse m'kanthawi kochepa kwambiri.

Chitetezo choyamba ndi `--exclude`, chifukwa zimene mwazisiya sizitumizidwa komanso sizifufutidwa. Mukalemba `--exclude 'uploads/'`, foda imeneyo ikhala mmene ilili pa seva. Pali njira ina yotchedwa `--delete-excluded` imene imachotsa chitetezo chimenechi, choncho musaisokoneze ndi inzake. Chitetezo chachiwiri ndi `--max-delete=20`, imene imaletsa rsync kufufuta mafayilo oposa 20, kuti cholakwa chikachitika chisafike patali. Chachitatu ndi `--backup --backup-dir=/home/mwini/zochotsedwa`, imene imasamutsira zofufutidwa ndi zolowedwa m'malo ku foda ina. Lamulo lonse loyeserera likhala lotere:

`rsync -avzn --delete --max-delete=20 --exclude-from=zosiya.txt tsamba/ seva:/var/www/html/`

Pamndandanda wotuluka, mizere yoyamba ndi mawu akuti `deleting` ndiyo muiwerenge umodziumodzi. Ngati pali dzina limene simukulidziwa, musachotse `n` mpaka mutadziwa kuti fayiloyo inachokera kuti.

Pamene rsync siingagwire

Maakaunti ena amalola SFTP yokha, njira yongotumizira mafayilo kudzera pa SSH, popanda kuyendetsa mapulogalamu pa seva, ndipo pamenepo rsync imakana. Lowani ndi `sftp mwini@example.com`, pitani kumalo oyenera ndi `cd`, kenako lembani `put -r zithunzi` kuti foda ya zithunzi ipite yonse. Ena amapereka FTP yokha, njira yakale imene malamulo ake amene akugwirabe ntchito analembedwa mu 1985 m'chikalata cha RFC 959 ndipo imagwiritsa ntchito port 21. Pulogalamu wamba ya `ftp` ili ndi `mput`, imene imatumiza mafayilo ambiri koma silowa m'mafoda a mkati, ndipo FTP yopanda TLS, njira yobisira zotumizidwa, imatumiza pasiwedi yanu poyera.

Pa zonse ziwirizi, pulogalamu yabwino ndi lftp. Lembani `lftp -u mwini ftp.example.com`, perekani pasiwedi ikafunsa, ndipo musanachite china chilichonse lembani `set ftp:ssl-force true` kuti ikane kulumikizana popanda kubisa. Kenako:

`mirror -R --dry-run --exclude-glob .git/ tsamba /public_html`

Popanda `-R`, lamulo la `mirror` limatsitsa kuchokera ku seva kubwera kwa inu, ndipo lingalembe mafayilo akale pamwamba pa ntchito yanu yatsopano. Amene wazolowera rsync asamale ndi zinthu ziwiri pano. Mu `mirror`, chilembo cha `-n` sichitanthauza kuyeserera, chimatanthauza kutumiza mafayilo atsopano okha, ndipo chimatumizadi. Kuyeserera kumafuna mawu athunthu a `--dry-run`. Kamzere kopendekeka nako kamagwira ntchito kumbali ina: mukakaika kumapeto kwa malo a ku seva, `/public_html/`, lftp imawonjezera dzina la foda yanu n'kupanga `/public_html/tsamba`. Mukakhutira, chotsani `--dry-run` ndipo onjezani `--parallel=4` kuti mafayilo anayi aziyenda nthawi imodzi, zimene zimafulumizitsa ntchito kwambiri pamene mafayilo ndi ang'onoang'ono koma ochuluka. Ngati akaunti ndi ya SFTP, lumikizani ndi `lftp sftp://mwini@example.com`, zina zonse n'chimodzimodzi.

Palinso seva zimene zimalola SSH koma zilibe rsync ndipo inu mulibe mphamvu yoiika. Pamenepo `tar` imathandiza:

`tar czf - --exclude=.git -C tsamba . | ssh seva 'tar xzf - -C /var/www/html'`

Foda yonse imamangidwa, kudutsa pa SSH ngati mtolo umodzi, n'kumasulidwa ku seva popanda kusungidwa penapake pakati.

Zilolezo ndi kutsimikizira

Ngati kutumiza kwakanika ndi mawu akuti `Permission denied`, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti mwini wa `/var/www/html` ndi root, akaunti yaikulu yoyang'anira seva. Pa seva imene mumayang'anira nokha, `sudo chown -R mwini /var/www/html` imakupatsani umwini wa fodayo. Ngati kutumiza kwatheka koma bulawuza ikuonetsa 403, nambala yosonyeza kuti seva yakana kupereka tsamba, ndiye kuti pulogalamu ya seva, imene pa Debian ndi Ubuntu imayenda m'dzina la `www-data`, ikulephera kuwerenga mafayilo. Zimenezi zimachitika chifukwa `a` uja wa rsync amanyamula zilolezo za pa kompyuta yanu mmene zilili, ngakhale zikhale zotsekera ena onse.

Zilolezo zimalembedwa ndi manambala atatu, ya mwini, ya gulu ndi ya ena onse, ndipo nambala iliyonse imapangidwa pophatikiza 4 ya kuwerenga, 2 ya kulemba ndi 1 ya kuyendetsa fayilo kapena kulowa m'foda. Mafoda a webusayiti amafuna 755, kutanthauza kuti mwini achite zonse ndipo ena awerenge ndi kulowa. Mafayilo amafuna 644. Mungauze rsync kuti iike zimenezi potumiza powonjezera `--chmod=D755,F644`, pamene `D` akuimira mafoda ndipo `F` mafayilo. Ena akatopa ndi 403 amangoika 777 paliponse; vutolo limathadi, koma kuyambira pamenepo pulogalamu iliyonse yoyenda pa sevayo ingathe kusintha masamba anu, choncho musatero.

Mukamaliza, yendetsaninso lamulo la rsync lija ndi `n` mutawonjezera `c`, kukhala `-avnc`. Chilembo cha `c` chimayerekeza zamkati zenizeni za mafayilo m'malo modalira kukula ndi nthawi, choncho chimachedwerapo, koma ngati palibe fayilo yatchulidwa ndiye kuti mbali ziwirizo zikufanana. Kenako funsani seva monga mmene mlendo angaifunsire, polemba `curl -I https://example.com/`. Mzere woyamba wa yankho uyenera kukhala ndi 200. Ukakhala ndi 404, kutanthauza kuti tsamba silinapezeke, kaonenso malo amene mafayilo afikira, chifukwa nthawi zambiri amakhala atalowa m'foda yowonjezera ija. Yesaninso `curl -I https://example.com/.git/config` ndi `curl -I https://example.com/.env`, ndipo pamenepa mukufuna 404 kapena 403. Mukaona 200, lowani pa seva nthawi yomweyo, fufutani zimenezo, ndipo musinthe pasiwedi iliyonse imene inali m'menemo. Ngati `curl` ikuonetsa kuti zonse zili bwino koma bulawuza ikuonetsabe tsamba lakale, ndiye kuti ikutenga limene inasunga, ndipo kudina Ctrl, Shift ndi R pamodzi kumaikakamiza kutsitsa latsopano.

Lamulo likagwira bwino, lisungeni m'kafayilo monga `tumiza.sh` kuti musamalilembe pamtima nthawi iliyonse. Ngati mwaika dzina la foda mu variable, dzina loimira mawu ena m'kafayiloko, mwachitsanzo `"$FODA/"`, lembani `set -u` pamwamba pa fayiloyo. Popanda mzere umenewu, variable ikakhala kuti sinapatsidwe kanthu pamatsala kamzere kopendekeka kokha, kamene pa Linux kamatanthauza kompyuta yonse kuyambira pamizu, ndipo rsync idzayamba kutumiza zonsezo ku webusayiti yanu kwinaku `--delete` ikuchotsa masamba anu enieni. Ndi `set -u`, kafayiloko kamaima pomwepo n'kukuuzani dzina la variable imene yasowa.